Anambewe Anandipempha Kukhala Chete

Chaka cha 2016 ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri, ndipo chibadwire panalibe munthu wamkazi amene ananditulutsapo m'chipinda. Anambewe ananditulutsa. Anachita mwaulemu, atagwira chitseko ndi manja awiri, koma kutuluka ndinatuluka ndithu.

Tawaika m'manda mwezi wathawu, kwawo ku Liwaladzi. Olankhula pamaliro ankati anali mayi ofatsa, osayambana ndi munthu. Ndinangokhala pansi kumvetsera. Ofatsa ayi. Ine ndinayambana nawo zaka zitatu. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma imeneyo ikukwana kulembera zoona, ndipo zoonazo pamaliro paja sizinanenedwe.

Ankagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha kwathu kuno. Zaka zambiri anali othandizira anamwino: kukweza ana pasikelo, kukolopa, kuwiritsa zitsulo. Imvi zitayamba anawatumiza ku boma kukaphunzira za uphungu, ndipo pobwerako anawapatsa kachipinda kakumapeto komwe kale ankasungiramo zidebe. Ntchito yawo inali kucheza ndi anthu amene asiya kumwa mankhwala ndi amene mowa wawamanga. Ambiri anali asodzi. Msodzi akamva kuti usipa wagwa ku Ngala amanyamuka tsiku lomwelo, buku la kuchipatala n'kulisiya litasomekedwa kudenga.

Anthu ankawatchula kuti alangizi, koma malangizo awo ine ndinawamva kawiri kapena katatu basi. Ngakhale pamenepo ankayamba apempha: "Pali chimene ndikudziwa pa nkhani imeneyi. Mukufuna ndinene?" Munthu akati ayi, iwo ankatseka pakamwa. Zimenezi zinkandinyansa. Wodziwa azipempha chilolezo kwa wosadziwa?

Amene anandifikitsa kwa iwo ndi mng'ono wanga Lameki. Tinasiyana zaka khumi ndi zinayi, ndipo bambo atamwalira ndinamulera ndine. Anali ndi bwato lake ndi manja odziwa ukonde kuposa aliyense padooko lathu. Anamupeza ndi kachilombo, anayamba ma ARV, anamwa zaka ziwiri, kenako anasiya. Kachasu sanasiye. Pofika Epulo anali akutsokomola chifuwa chouma, malaya akumulendewera m'mapewa. Mkazi wake Esinati anabwera kwanga akulira. Ndinamugwira Lameki pamkono n'kupita naye kuchipatala, njira yonse ndikumuuza chimene iye anali.

Anambewe anatiyang'ana tonse awiri.

"A Phiri, mwachita bwino kubwera naye. Tsopano tatisiyani awiri."

"Ine ndine mkulu wake."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake."

Ndinakhala pabenchi panja. Khoma la kachipindako silinkafika kudenga, ndiye zonse ndinkamva.

"A Lameki, mwabwera nokha kapena mwakokedwa?"

"Ndakokedwa."

"Ndiye simunafune kubwera."

"Ayi."

"Chabwino. Poti mwafika kale, tandiuzani. Kachasu amakuchitirani chiyani chabwino?"

Lameki anaseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa.

"Amayi, mukufuna mukandinenere kwa ansembe?"

"Ine sindimwa, ndiye sindikudziwa. Koma munthu sangamwe chinthu zaka makumi awiri chopanda ubwino uliwonse."

Lameki analankhula. Ananena za kuzizira kwa pamadzi. Ananena kuti akamwa saganiza za tsiku limene anamuuza zotsatira za magazi. Ananena kuti kumisasa ya asodzi kulibe pobisala, ukatulutsa botolo la mankhwala anzako amakuwa kuti taonani uyu akuthira mayunitsi. Zonsezi ine sindinkazidziwa, chonsecho ndinamulera. Anambewe sanatsutse ngakhale chimodzi. Ankangobwereza mawu ake pang'onopang'ono, ngati munthu wobweza chinthu kwa mwini wake kuti achione bwino. Za imfa sananene. Pomaliza anangofunsa ngati angadzamuchezere kunyumba, ndipo iye anati, "Njira ndi yanu."

Atatuluka Lameki, ndinalowa ine.

"Mayi, ndakubweretserani wodwala kuti mumuuze kuti afa. Inu mukumufunsa kukoma kwa kachasu?"

"Zoti afa akudziwa. Inu mwamuuza kangati?"

"Tsiku lililonse."

"Wasiya?"

Ndinatembenukira kuchitseko.

"Ndiye ine ndikawonjezera liwu langa pa lanu chisintha n'chiyani?"

Ndine mkulu wa mpingo, ndipo Anambewe anali a mpingo wathu womwewo. Sabata yomweyo ndinakawanenera kwa ansembe kuti akunyengerera zidakwa. Ansembe anatiitana tonse m'kachipinda kovalira. Ndinalankhula nthawi yaitali. Iwo anadikira mpaka ndinamaliza, ambulera yawo yakuda yothyoka nthiti imodzi ili pamiyendo.

"Bambo," anatero kwa ansembe, "amuna anga ndinawakalipira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Chilichonse chimene ndinkawauza chinali choona. Ali kuseri kwa tchalitchi kuno, mzere wachitatu."

Ansembe anayang'ana pansi, mlandu unathera pomwepo. Ndinatuluka ndili wokwiya kuposa mmene ndinalowera.

Maganizo awo ndinadzawamvetsa mochedwa, koma ndiwalemba mmene ankawanenera. Ankati mwa munthu wotere muli anthu awiri okangana, wina wofuna kusiya, wina wofuna kupitiriza. Iwe wakunja ukayamba kulankhulira wofuna kusiyayo, mwini wake amalankhulira winayo, ndipo akamadzimva akuteteza mowa ndi pakamwa pake amakhulupirira zimene akunenazo. Ntchito yawo, ankatero, inali kukhala chete mpaka wofuna kusiya uja atapeza liwu. Ankanenanso kuti mawu ouzidwa munthu amawasiya pakhomo la chipatala, koma otuluka m'kamwa mwake amapita nawo kwawo.

Musaganize kuti anali mngelo. Anali ochedwa. Munthu mmodzi ankatha naye ola lathunthu, mzere panja ukung'ung'udza. Anali ndi mkwiyo wawo: namwino wina atatchula mokweza pamzere mtundu wa mankhwala a munthu, Anambewe anamutsatira mpaka kumpopi ndipo mtsikanayo anabwerako maso ali ofiira. Achibale a odwala sankatinyengerera n'komwe. Ndiponso si onse anasintha. Bambo wina wa kumtunda anacheza naye chaka chathunthu, anamira ataledzera. Anambewe anapita kumaliro, anakhala kumbuyo, Lolemba anatsegula kachipinda kawo ngati kale.

Kwa Lameki ankabwera Lolemba lililonse masana. Inali nyengo ya mwera, mabwato ambiri ali kumtunda, mchenga ukuwuluka mpaka m'maso. Ankamupeza akusoka ukonde kuseri kwa nyumba. Kusoka sankadziwa, ankangomugwirira ulusi. Nyumba zathu ndi zoyandikana, ndiye ine ndinkapeza chochita kumpanda, kunola khasu limene linali lakuthwa kale.

Ankayenda ndi kachitini ka mafuta odzola, mkati muli njere khumi za chimanga. Tsiku lina anazikhuthulira pamphasa.

"Njere khumi ndiye kuti mwatsimikiza kubwerera ku mankhwala. Kusatenga iliyonse ndiye kuti simukufuna n'komwe. Lero mutenga zingati?"

Lameki anakankha ziwiri ndi chala.

Ine kumpanda kuja mtima unati, afunseni chifukwa chake sizili khumi. Iwo anafunsa zina.

"Ziwiri. Bwanji simunazisiye zonse?"

Lameki anayang'ana ukonde.

"Chifundo," anatero. Ameneyo ndi mwana wake wamkazi, anali Fomu 3 nthawi imeneyo. "Akuti akufuna unamwino. Ndikafa ine, amayi ake amuika pathandala kuyanika usipa."

"Mukufuna mudzamuone atavala zoyera, koma mukuopa anzanu padooko kukuonani ndi botolo."

"Eya. Zomwezo."

"Zonse ziwiri ndi zolemera."

Anatola njere zawo n'kunyamuka. Ndinaona ngati ataya mwayi. Munthu wafewa, iwo akupita?

Zinatero milungu yambiri. Tsiku lina zitatu, lina kubwerera pa ziwiri, lina ataledzera osafuna n'kuziona komwe. Akamupeza choncho ankangomupatsa moni, n'kucheza ndi Esinati za mbatata, n'kumapita. Chifuwa chinkakula. Ndinkachimva kuchokera kwanga, ndipo mwera ukaleka pang'ono chinkamveka ngati munthu akung'amba nsalu. Akazi a pamudzi anayamba kutsitsa mawu akamadutsa pakhomo pake. Ine ndinkawerenga masiku, ndipo kuleza mtima kwa Anambewe ndinkakuona ngati kusewera ndi moyo wa m'bale wanga.

Lolemba lomaliza la Julayi, Lameki anakankha njere zisanu ndi ziwiri asanafunsidwe.

"Lachinayi ndipita," anatero. Lachinayi ndilo linali tsiku lolandira ma ARV.

"Lachinayi liti?"

"Likubwerali."

"Mwaganiza nokha."

"Ndekha."

"Chingakulepheretseni n'chiyani?"

Lameki anatembenuza mutu n'kuyang'ana kumpanda kumene ndinaima.

Kuchoka apo Anambewe anabwera molunjika kwanga, koyamba chiyambanireni. Anakana mpando, anakhala pakhonde.

"A Phiri, ndabwera kudzapempha. Kuyambira lero mpaka Lachinayi musanene kanthu kwa Lameki. Musamudzudzule, musamuyamikire, musamuperekeze. Mukakumana mupatseni moni basi."

Koma ine ndinali nditatumiza kale uthenga sabata yapitayo. Kwathu kuno munthu akasochera timamukhazika pansi. Amabwera akuluakulu a mbali zonse, aliyense amalankhula mbali yake, wolakwayo amamvetsera mpaka onse atatha. Ndinaitana malume athu a ku Benga, akulu a mpingo awiri, ndi ankhoswe a kwa Esinati. Tsiku linali Lachitatu.

"Auzeni asabwere," anatero Anambewe.

"Malume a zaka makumi asanu ndi atatu ndiwauze kuti mayi wa kuchipatala wakana?"

"Auzeni kuti mwana wadzuka yekha."

"Wadzuka kangati ameneyo? Mawu a chidakwa ndi mame. Izi si za ku boma, mayi. Makolo athu sanali opusa."

"Sanali opusa. Kukhazika pansi kuli ndi ntchito yake. Koma osati sabata ino."

Anaimirira, anakonza chitenje, mphepo ikuwakankha ambulera.

"Mundilole ndinene chimodzi?"

Aka kanali koyamba kundipempha ine chilolezo.

"Nenani."

"Mukamukhazika pansi Lachitatu, Lachinayi lija likhala lanu. Iye sadzalifunanso."

Ndinawaperekeza mpaka panjira monga mwa ulemu. Uthenga sindinabweze. Ndinadziuza kuti ndikuopa kukhumudwitsa malume. Zoona zake n'zakuti sindinafune kuti pamudzi pamveke kuti Phiri analephera mng'ono wake, ndipo anamukonza ndi mayi wa njere za chimanga.

Lachitatu onse anafika. Tinakhala pabwalo panga, akuluakulu pamipando, amayi pamphasa, Lameki pakachitsa pakati. Anali atameta ndevu. Anavala malaya ochapa, ndipo m'thumba la pachifuwa munkaoneka nsonga ya buku la kuchipatala. Ndinaliona bukulo. Sindinganame kuti sindinalione.

Malume anayamba, ananena za manyazi amene wabweretsa pa mtundu. Akulu a mpingo anawerenga malemba. Ankhoswe ananena za misozi ya mwana wawo. Aliyense ananena zoona, ndipo aliyense anatenga nthawi yake. Lameki anaweramitsa mutu, akutsokomolera m'manja. Mphepo inkanyamula masamba a chinangwa ouma n'kuwazunguliza pakati pathu.

Onse atatha, Lameki anawomba m'manja mwaulemu.

"Malume, ndamva. Mawa ndikupita kuchipatala. Ndinali nditaganiza kale."

Pamenepo zinali zitatha bwino. Pankangofunika kuti wina apemphere, anthu abalalike. Ndinaimirira ine.

"Mwamva nonse," ndinatero. "Ameneyu pamafunika kumukhazika pansi chonchi kuti amve. Mawa ndipita naye ndekha. Mankhwalawo azisungidwa kwanga, ndipo m'mawa uliwonse azibwera kudzamwera pamaso panga."

Akuluakulu anavomera, "Eya, zoona, zikhale choncho." Esinati yekha anagwira pakamwa.

Lameki anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye. Akanakwiya bwenzi ndikudziwa chochita. Anatulutsa buku lija m'thumba, anagwada, analiika pamapazi anga ndi manja awiri.

"Ndiye sungani ndi ili lomwe, achimwene. Matendawa ndi anu."

Lachinayi m'mawa ndinapita kukamutenga. Esinati anali pakhomo, osaphika, osasesa. Lameki anali atakwera lole ya asodzi yopita ku Ngala, bwato lake atalisiya padooko.

Anambewe anadikira m'kachipinda kawo mpaka chipatala chinatseka. Kwanga sanabwere. Anakwera minibasi kupita ku Ngala kawiri, tsiku lawo lopuma. Ulendo woyamba sanamupeze. Wachiwiri anamupeza atagona pamthunzi wa thandala, ndipo Esinati, amene anawaperekeza, ndiye anadzandiuza zimene anakambirana. Lameki anadzuka, anawapatsa moni mwaulemu, anati, "Amayi, inu mulibe mlandu." Atatulutsa kachitini kaja, iye anaika dzanja pamwamba pake kuti asatsegule. Iwo sanakakamize. Anamuuza kuti chitseko chawo sichifunsa munthu kumene anali, n'kubwerera.

Lameki anabwera mu Okutobala, pakabaza, atamumangirira kwa woyendetsa ndi chitenje kuti asagwe. Anapempha yekha kuti amuitanire Anambewe, ndipo anapempha yekha mankhwala. Tinapita naye kuchipatala chachikulu ku boma. Madokotala anachita zimene akanatha, koma chifuwa chachikulu chinali chitadya kale mapapo. Anakhala masiku khumi ndi limodzi. Ine ndinali pambali pa bedi masiku onsewo. Ankandilola kumutembenuza ndi kumumwetsa madzi. Za Lachitatu lija sanatchule, inenso sindinatchule.

Pamaliro Anambewe anandipatsa dzanja ngati wina aliyense. Ndinadikira kuti anene kuti ndinakuuzani. Ndinadikira sabata, mwezi, chaka. Ndinali nditakonza mayankho, abwino ndithu: kuti munthu wamkulu amasankha yekha, kuti kachasu sindinamumwetse ndine, kuti mwambo si wanga ndekha. Sanandipatse mpata wowagwiritsa ntchito. Chifukwa cha chimenecho ndinasiya kuwapatsa moni. Kutchalitchi ndinkatulukira khomo lina. Iwo akandiona ankangoti, "Mwadzuka bwanji, a Phiri?" n'kumapitirira, osadikira yankho limene ankadziwa kuti silibwera.

Chaka chachitatu ndinapita kukachipinda kuja. Ndinakhala pamzere ngati wodwala, pakati pa anyamata a padooko amene ankandiyang'ana cham'mbali. Nthawi yanga itakwana ndinalowa, ndinakhala pampando umene Lameki anakhalapo.

"Ndinamupha ndine?"

"Anamupha matenda," anatero. Kenako anawonjezera, "Koma simunayende mtunda wonsewu kudzamva zimenezo."

Anakhala chete. Kukhala chete kwawo kunali kolemera, ngati munthu wakusenzetsa thumba n'kuima pambali. Ndinayang'ana khoma, ndinayang'ana zidebe ziwiri zimene zinali zikadali pakona. Ndine munthu wosazolowera kudikiridwa.

"Ndinkafuna kuti achire," ndinatero. "Koma ndinkafunanso anthu adziwe kuti wachira chifukwa cha ine."

"Zonse ziwiri."

"Zonse ziwiri."

Sanandipepese, sanandiuze kuti Mulungu wakhululuka. Anangondisiya ndi mawu angawo. Akanandiuza iwo, bwenzi nditawatsutsa mpaka lero. Poti ndinanena ndekha, ndilibe wotsutsana naye.

Ndikunyamuka anafunsa, "Nanga Esinati mukuganiza zotani?" Mlamu wangayo nayenso amamwa mankhwala omwewo, ndipo chimwalirire mwamuna wake ankadumphitsa.

"Palibe," ndinatero. "Ndizingomupatsa moni."

"Mukhoza?"

"Ndiyesa."

Anaseka, koyamba kuwamva akuseka ndi ine. "Mbuzi yokalamba," anatero. Sindinakwiye.

Esinati anamusunga ndi Anambewe zaka zonsezi, ngakhale atapuma ntchito. Miyendo itayamba kutupa sankathanso kuyenda, ndiye anthu ankawatsata kwawo. Ndinkawaona asodzi akuluakulu atakhala pakhonde pawo, zipewa zili m'manja, akulankhula okha, mayiyo akungogwedeza mutu. Sanaphunzitse munthu. Ndinawafunsa chifukwa chake, anati achinyamata amafuna kuthandiza msanga, ndipo kudikira sikulowa m'mutu mwa munthu amene sanaikepo wake m'manda.

Sabata yatha ndinadutsa pachipatala. Kachipinda kaja adzazamo makatoni mpaka kudenga, chitseko sichitsekeka. Amene akuona za osiya mankhwala tsopano ndi mnyamata wakhalidwe labwino, koma ali ndi anthu ambiri ndi nthawi yochepa. Ndinamumva kudzera pawindo akuuza msodzi wina kuti akapanda kumwa afa. Ankanena zoona. Msodziyo ankangoti, "Eya, eya, ndamva," maso ali kunjira ya kudooko.

Mwezi uno Esinati sanapite kukatenga mankhwala. Wandiuza Chifundo, amene tsopano amayanika usipa pathandala la eni ake. Ndadutsa pakhomo pa mlamu wanga kawiri. Ndamva akutsokomola mkati. Sindinalowe, chifukwa ndikudziwa zimene pakamwa panga pamachita, ndipo amene ndikanamutuma kulibe.

Ndikawerenga zimene zatayika, n'zinayi. Mng'ono wanga mmodzi yekhayo. Bwato lake, limene linaolera padooko chifukwa palibe anafuna kuligula. Sukulu ya mwana wake. Ndi munthu mmodzi m'dera lonse lino amene ankadziwa kufunsa funso n'kudikira yankho. Chachisanu chili kuseri kwa mpanda wanga, ndipo sindikufuna kuchiwerenga.